Kalembedwe ka sewero la pawailesi

Munthu amene adzamvere sewero lanu sadzakhala pampando m'holo maso ali kutsogolo. Adzakhala akuvundula nsima, kapena akusita yunifomu ya mwana, kapena ali pa okala yake akuwerengera kasitomala chenje. Wina adzalimvera pa kafoni kakang'ono ali pa ulonda usiku. Sangabweze m'mbuyo kuti amvenso, sangaone nkhope ya amene akuyankhula, ndipo mawu akamudutsa ndiye kuti amudutsa basi. Ngati mukufuna kulembera wailesi, munthu ameneyu ndiye bwana wanu. Zonse zimene ndifotokoze pano n'zomuthandiza iyeyu kuti asasochere, komanso kuti dzanja lake lisapite kukasintha siteshoni.

Luso limeneli si lachilendo kwathu kuno. MBC yakhala ikuulutsa mawu kuyambira 1964, ndipo ambirife tinakula tikudikirira Sewero la Sabata Ino ndi Pamajiga, banja lonse litazungulira wailesi imodzi, mabatire atayanikidwa padzuwa masana kuti afike madzulo. Kenako kunabwera Zimachitika ya a Story Workshop mu 1997, kunabweranso Tikuferanji ya a Manganya. Lero makomo achuluka. Kupatula MBC, kuli mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, ya ku Nkhotakota ndi ya ku Mzimba, ndipo onsewa amafuna zoti aulutse m'chiyankhulo cha anthu awo. Ine ndimalemba masewero aafupi, ndipo ambiri timawajambula ndi gulu la achinyamata a kudera kwathu. Zimene ndikuuzeni pano ndi zomwe timachita ifeyo.

Yambani ndi munthu amene wapanikizika

Olemba ambiri ongoyamba amandibweretsera pepala n'kunena kuti, “Sewero langa ndi lokhudza nkhanza za m'banja,” kapena “ndi lokhudza katangale.” Ndikawafunsa kuti m'seweromo ndani akufuna chiyani, ndipo akumutchinga ndani, amangoti kakasi. Sewero limabadwa pamene munthu akufuna chinthu ndi mtima wonse, china chake chamuima kutsogolo, nthawi nayo ikumuthera.

Titenge chitsanzo chimodzi chimene tiyende nacho mpaka kumapeto. Nabanda ndi amene amasunga bokosi la banki m'khonde ya m'mudzi mwawo. Monga mudziwa, bokosi lotere limakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi amasunga anthu ena atatu osiyana, kuti pasapezeke wotsegula yekha. Lachinayi usiku Nabanda akuzindikira kuti amuna ake anamasula mahinjesi kumbuyo kwa bokosi, n'kutenga ndalama kukagula feteleza. Tsiku logawana ndi Loweruka. Akaulula, amuna ake apita kwa amfumu, mwinanso kupolisi. Akakhala chete, dzina la wakuba likhala lake pamaso pa amayi amene amapita nawo kumjigo tsiku lililonse. Apa sewero lilipo, chifukwa njira zonse ziwiri n'zowawa, ndipo womvera ayamba kudzifunsa kuti akanakhala iye akanatani.

Ndikudziwa kuti masewero ambiri masiku ano amalipiridwa ndi mabungwe, ndipo bungwe limabwera ndi uthenga wake wa zaumoyo, zaulimi kapena zachisankho. Palibe cholakwika pamenepo, ambirife timadyera momwemo. Koma chonde musalenge munthu amene ntchito yake ndi kutulukira kumapeto n'kuyamba kulalikira, mlangizi kapena namwino woyankhula ziganizo za m'kapepala ka ofesi. Omvera amamuzindikira akangotsegula pakamwa, ndipo mtima wawo umachoka pomwepo. Uthenga ukhale ngati mchere m'ndiwo, umveke pa lilime koma usaoneke ndi maso. Ngati mukufuna anthu adziwe kuti ndalama za gulu si za banja la wosunga bokosi, asiyeni amve zimene zikumuchitikira Nabanda. Adzanena okha.

Anthu ochepa, mawu osiyana

Sewero la mphindi 15 kapena 30 lisapose anthu anayi kapena asanu oyankhula. Pa chochitika chimodzi, awiri kapena atatu akwana. Pa siteji munthu atha kuima chete mphindi zisanu ife n'kumamuona, koma pa wailesi munthu wosayankhula ndiye kuti palibe. Akatulutsa mawu patapita nthawi, womvera amadabwa kuti ameneyu wachokera kuti.

Posankha osewera, musayang'ane nkhope. Aimitseni kuseri kwa chitseko, awerenge inu mutatsinzina. Atsikana awiri a msinkhu umodzi ochokera sukulu imodzi nthawi zambiri amamveka ngati munthu mmodzi, ngakhale onse ali aluso. Phatikizani mawu aakulu ndi aang'ono, wofulumira ndi wozengereza, wa kumudzi ndi wa m'tauni.

Mayina nawo asiyane kumva kwake. Musaike Chikondi, Chisomo ndi Chifundo m'sewero limodzi. Pagulu la amayi ngati la Nabanda msampha ndi mayina a mfunda: Nabanda, Naphiri, Nambewe, Nangozo, onse akuyamba mofanana. Mmodzi akhale Nabanda, wina azitchedwa mayi a Mphatso, wina Gogo, wina a Tcheya. Ndipo chiyankhulo chathu chinatichitira kale chifundo, chifukwa mmene anthu amaitanirana zimaulula ubale wawo popanda wofotokoza. Munthu akati “Alamu”, “Apongozi”, “Achimwene” kapena “Malume”, womvera wadziwa kale amene akuyenera kuopa mnzake. Mkazi amene sewero lonse wakhala akunena kuti “inu” kwa amuna ake, tsiku limene adzati “iwe”, aliyense womvera adzasiya chimene akuchita. Musawononge mphindi imeneyo poigwiritsa ntchito msanga.

Kuonetsa zinthu popanda maso

Apa ndi pamene pagona luso lonse, ndiye tikhalitsepo pang'ono.

Wolemba akazindikira kuti womvera saona, amagwera mbali inayo n'kuyamba kuwauza anthu ake kuti azifotokoza chilichonse chimene akuchita. Mumamva munthu akuti, “Taonani amuna anga, ndasolola bokosi la banki m'khonde pansi pa bedi ndipo ndaona kuti mahinjesi ake ndi omasuka.” Palibe mkazi amayankhula choncho kwa mwamuna wake usiku. Onse awiri akuliona bokosilo. Mawu amenewo akulankhulidwa kwa ife omvera, ndipo timadziwa.

Taonani mmene ine ndingalembere malo omwewo:

PHOKOSO: USIKU. ACHULE AKULIRA CHAPATALI. CHITSULO CHIKUKWEKWEREZEDWA PA SIMENTI.

NABANDA: (chapansipansi) Bambo a Tadala. Bambo a Tadala, tadzukani.

PHIRI: Mmm. Kwacha kale?

NABANDA: Tamvani ichi.

PHOKOSO: CHIVINDIKIRO CHACHITSULO CHIKUGWEDERA.

NABANDA: Bokosi lokhoma ndi maloko atatu limalira chonchi?

PHIRI: Ndi dzimbiri limenelo. Gonani, tikamba mawa.

NABANDA: Dzimbiri limagula matumba awiri a feteleza?

PHOKOSO: ACHULE OKHA.

PHIRI: Ndibweza. Fodya akangogulidwa ndibweza.

NABANDA: Tikugawana Loweruka, bambo a Tadala. Mkuja.

M'mizere yochepayi womvera wadziwa kuti ndi usiku, ndi nyengo ya dzinja, awiriwa ndi banja, bokosi ndi la gulu, ndalama zapita, wazitenga ndani, wagula chiyani, komanso kuti kwatsala masiku awiri. Palibe amene wamufotokozera. Onaninso kuti phokoso la chivindikiro likubwera kaye, kenako mawu a Nabanda akulitchula. Phokoso palokha limanamiza: madzi othiridwa m'ndowa, mvula ndi mafuta otentha m'chiwaya zimatha kumveka mofanana pa wailesi yaing'ono. Choncho phokoso lililonse lofunika lipatsidwe liwu limodzi kapena awiri olithandiza, koma mawuwo atuluke mwachibadwa, mkati mwa mkangano.

Malo aliwonse apatseni phokoso lake limodzi, ndipo muzilibwereza nthawi iliyonse tikabwererako. Kunyumba kwa Nabanda kukhale achule usiku, nkhuku masana. Pamsonkhano wa gulu pakhale mjigo ukulira chapatali. Kwa amfumu kukhale kuwomba m'manja mwaulemu. Pofika pakati pa sewero, womvera amadziwa kumene ali munthu asanayankhule n'komwe. Koma musadzaze zonse nthawi imodzi, tambala, mbuzi, galu, mwana wolira ndi njinga. Mawu a osewera amamira.

“Odi” ndi mnzanu wamkulu. Munthu akati “Odi kuno!” ali patali ndi maikolofoni, wina n'kuyankha ali pafupi kuti “Eee, fikani a Tcheya,” mwatiuza kuti kwabwera mlendo, ndi ndani, ndipo ali panja. Komabe malonje athu ndi aatali, ndipo mukawalemba onse, “mwaswera bwanji, kaya anzathu, kunyumba kuli bwanji, ana ali bwanji,” mphindi yathunthu yapita pachabe. Dulani. Lowani m'chochitika malonje atatha kale, kapena gwiritsani ntchito malonjewo kuonetsa kuti zinthu sizili bwino. A Tcheya akapereka moni Nabanda n'kuyankha mwachidule, osabweza funso, Mmalawi aliyense amva kuti pali nkhani.

Tilinso ndi mawu athu ojambula zinthu, amene pa wailesi amagwira ntchito ya maso. Gogo akamafotokoza kuti, “Titatsegula, m'bokosi muli mbee, tonse kukamwa yasa, Nabanda misozi mbwe mbwe mbwe,” womvera waona zonse. Apatseni mawu oterewa anthu amene amayankhuladi choncho, makamaka achikulire ndi okonda kukamba nkhani, osati aliyense.

Chete nayenso ndi chida, koma musamale naye. Wailesi ikangoti zii kwa nthawi, womvera amaganiza kuti magetsi azima kapena batire latha. N'chifukwa chake pamwambapa ndalemba kuti “achule okha”. Anthu asiya kuyankhula koma dziko likupumabe.

Tsono ganizirani pachimake pa sewero lathuli, Loweruka. Amayi akhala pamphasa, bokosi lili pakati. Wosunga kiyi woyamba akuitanidwa, makiyi akulira, loko woyamba kwatsu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndi Gogo, manja akunjenjemera, kiyi akugwa pansi, akumufunafuna. Nthawi yonseyi ife tikudziwa zimene zili m'bokosimo, amayiwo sakudziwa, ndipo tikumva kupuma kwa Nabanda pafupi ndi maikolofoni. Malo ngati amenewa wailesi imaposa kanema. Mukamasankha nkhani, funani yokhala ndi chinthu cholira pakatikati pake.

Za wofotokoza nkhani, uja amabwera pakati n'kumati “Tsiku lotsatira Nabanda anapita kwa alamu ake,” ine sindimukonda kwenikweni. Kanyimbo kakafupi ndi phokoso la malo atsopano zimagwira ntchito yomweyo. Ngati mukumufunadi, akhale mmodzi mwa anthu a m'seweromo amene akukumbukira zomwe zinachitika, kuti naye akhale ndi mbali yake.

Pepala ndi wotchi

Dzina la woyankhula likhale kumanzere m'zilembo zikuluzikulu. Phokoso ndi nyimbo zikhale pa mzere wakewake, nazonso m'zilembo zikuluzikulu, kuti wosewera asaziwerenge ngati mawu ake. Ikani manambala pa mizere, kuti pojambula muzingoti “tibwereze kuyambira 42.” Lembani mbali imodzi ya pepala, musamange ndi sitepula, ndipo mawu a munthu mmodzi asadukire pakati kupita tsamba lina, chifukwa kutembenuza pepala kumamveka.

Musayerekeze kutalika kwa sewero powerenga masamba. Itanani anzanu, aliyense atenge mbali yake, muwerenge mokweza wotchi ili patebulo. Ngati pulogalamu ndi ya mphindi 30, sewero lanu lichepereko, chifukwa pali nyimbo yotsegulira, mawu a muulutsi, mwinanso malonda. Funsani wokonza pulogalamu kuti akufuna mphindi zingati zenizeni. Pa kuwerenga komweko mudzamva ziganizo zimene lilime likukana. Wosewera akapunthwa pa mzere umodzi kawiri, vuto ndi mzerewo, ulembeninso mmene iye akanaunenera. Mudzamvanso Chichewa cha m'mabuku chimene chalowa mozemba. Mnyamata wa kabaza sanena kuti “ndikupita kukagula zakudya zam'mawa.” Pitani pa siteji ya kabaza, pachigayo, pamzere wa kuchipatala, mukamvere mmene anthu amadulira mawu, mmene amayankhira funso ndi funso linzake.

Vuto lioneke m'mphindi yoyamba. Ngati sewero ndi la magawo, gawo lililonse lithere pamene womvera akufunitsitsa kudziwa chotsatira, loko wachitatu asanatseguke.

Kujambula ngati mulibe situdiyo

Foni yabwino imakwana poyambira. Chofunika kwambiri ndi chipinda. Chipinda chopanda kanthu, cha simenti ndi makoma osalala, chimabweza mawu, ndipo zimenezo simungazichotse pa kompyuta. Ife timajambulira m'chipinda chogona, matiresi titaimika kukhoma, mabulangete titapachika pazenera ndi pachitseko. Nyumba ya malata opanda siling'i ndi yovuta: dzinja mvula, chilimwe malata amathetheka dzuwa likatentha. Jambulani m'mamawa kapena usiku, mutayang'ana kaye kuti kutchalitchi kapena kubala yapafupi sikuyamba zokuzira mawu. Foni ikhale pa flight mode, iikidwe pa nsalu yopindidwa, osati m'manja.

Wosewera aime motalikira pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pa maikolofoni, ndipo ayankhule molambalala pang'ono kuti mpweya wa “ph” ndi “th” usamenye. Amene anazolowera siteji amavuta poyamba, chifukwa anaphunzira kukuwa kuti wa kumbuyo kwa holo amve. Auzeni kuti akuyankhula ndi munthu mmodzi amene wakhala naye pa mkeka. Mtunda umapangidwa ndi mapazi: wochoka aziyankhula akubwerera m'mbuyo, wofika aziyandikira akuyankhula.

Phokoso lambiri mupanga nokha. Pepala la pulasitiki lolifinya pang'onopang'ono limamveka ngati moto. Mpunga wothiridwa pa chidutswa cha lata umapereka mvula. Mchenga m'beseni ndi nsapato ziwiri m'manja ndi munthu woyenda. Koma mtondo, chigayo, mjigo, msika ndi belu la njinga, kajambuleni zenizeni, muzisunge m'foda imodzi ndi mayina omveka, mudzazifuna kambirimbiri. Zimene mungatenge pa intaneti nthawi zambiri zimakhala za kwina: mbalame zake si zathu, ndipo khutu la kumudzi limazindikira. Polumikiza zonse, pulogalamu ya Audacity ndi yaulere ndipo imagwira pa kompyuta wamba. Sungani ntchito yanu ngati fayilo ya WAV, imene imasunga mawu osawonongeka, fayilo yaing'ono ya MP3 ikhale yotumizira pa WhatsApp pokha.

Nyimbo za eni musangozitenga. Zili ndi umwini, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuyang'anira zimenezi. Njira yapafupi ndi kupempha woimba wa kwanuko, wa gitala, bangwe kapena kaligo, akuimbireni tizidutswa tifupitifupi, mugwirizane naye momveka, ndipo dzina lake litchulidwe kumapeto.

Mukamaliza, musamvere pa mahedifoni okha. Seweretsani pa sipika ya kafoni kotchipa, mupatse munthu amene sanawerengepo sewerolo, kenako mumufunse kuti chachitika n'chiyani, kwa ndani, kuti. Pamene wasokonezeka ndi pamene muyenera kukonza.

Ndakatulo, nkhani ndi nthabwala

Zambiri mwa izi zimagwiranso kwa alakatuli. Chimene ndimawapempha n'chakuti asiye kukuwa. Kalakatulidwe ka pamsonkhano, kokweza mawu mzere uliwonse mofanana, pa wailesi kamatopetsa msanga. Sankhani mizere iwiri kapena itatu yoti mukwezepo, ina yonse muyankhule. Kubwereza mzere, kumene papepala kumaoneka ngati kuchulutsa, pa wailesi kumathandiza womvera kugwira ulusi. Ndipo ndakatulo ya mphindi ziwiri kapena zitatu imakumbukika kuposa ya mphindi khumi.

Nkhani yaifupi yoti iwerengedwe ikhale ya munthu mmodzi kapena awiri, iyende molunjika osadumphadumpha zaka, ziganizo zikhale zoti munthu anene ndi mpweya umodzi.

Nthabwala ndiye zovuta kuposa zonse, chifukwa nkhope, kayendedwe ndi zovala zoseketsa zonse zatsala panja. Chotsala ndi mawu ndi nthawi yake. Mvetserani zakale za Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, mutatsinzina. Mudzaona kuti zambiri zimaseketsabe, chifukwa anthu awiriwo ndi osiyana nzeru ndi mtima, aliyense akukhulupirira kuti akulondola, ndipo amadziwa kudikira kamphindi asanaponye yankho. Phunziraniko kudikirako, koma musabe mawu awo kapena kayankhulidwe kawo. Ndipo nthabwala yonyoza olumala, anzathu achialubino, mtundu wa anthu kapena chipembedzo chawo, isiyeni. Wailesi imalowa m'nyumba iliyonse, ndipo amene mukumunyozayo akumvera pamodzi ndi ana ake.

Kukapereka ku wailesi

Musanapite, mverani pulogalamu imene mukuifunayo kwa milungu ingapo. Dziwani kutalika kwake, chiyankhulo chake, nthawi imene imaulutsidwa, ndi dzina la woikonza, limene kawirikawiri limatchulidwa kumapeto. Sewero loulutsidwa ana ali maso silingakhale ndi mawu ofanana ndi la usiku. Lemberani munthu ameneyo, osati “kwa amene zikumukhudza.” Patsamba loyamba ikani mutu, dzina lanu, nambala yanu, mphindi zake, chiwerengero cha osewera, ndi chidule cha nkhani m'ziganizo zitatu kapena zinayi. Ngati munajambula kale, tumizani gawo la mphindi zochepa limene mukulinyadira kwambiri. Musatchule munthu weniweni, kampani yeniyeni kapena mudzi weniweni pa nkhani ya umbava kapena chiwerewere, chifukwa wailesi imaopa milandu ndipo idzangolibweza.

Musapereke kope yanu yokhayo. Sungani ina, ndipo dzitumizireni pa imelo kuti tsiku lioneke. Za ndalama funsani poyera musanajambule: kodi alipira, zingati, liti, ndipo akalibwereza kapena kuliika pa Facebook ndi YouTube zikhala bwanji. Mawailesi a m'madera ambiri alibe ndalama zolipira, ndipo mutha kuvomera kuti liulutsidwe ulere pofuna kuti dzina lanu limveke, koma zimenezo zikhale zosankha inuyo, zolembedwa papepala, umwini wa sewero utatsala m'manja mwanu. Akakupatsani tsiku loulutsa, uzani osewera anu ndi abale awo, ndipo pemphani kope ya mmene lamvekera pa wailesi kuti mudzaiphatikize potumiza sewero lotsatira.